Nyengo ya rali ya 2022: chaka chomwe chikho cha Africa chidabwerera ku Zambia

Mpikisano wa galimoto wa rali wolimbirana ukatswiri wa Africa m'chaka cha 2022 udali ndi marali asanu ndi imodzi, iliyonse m'dziko lakelake. Udayambira ku Côte d'Ivoire mu Febuluwale n'kukathera ku Zambia mu Okutobala. Chikho chidapita kwa Leroy Gomes wa ku Zambia, yemwe ankayendetsa Ford Fiesta R5, ndipo pampando wa pambali pake pankakhala mkazi wake, Urshlla Gomes, akumuwerengera njira. Amene adapambana marali ambiri chaka chimenecho ndi Karan Patel wa ku Kenya, koma chikho chidamuphonya. Kuti munthu amvetse mmene zoterezi zimachitikira, ayenera kudziwa kayendetsedwe ka rali ndi kawerengedwe ka mapointi ake.

Ku Ulongwe ndi madera ena a Angónia ambiri amaonera masewerawa pa foni kapena pa kanema, koma misewu imene akatswiriwa amapikisanirapo si yachilendo. Ndi misewu yafumbi ngati yomwe malole a chimanga ndi mbatata ya kachewere amadutsamo potuluka m'midzi: ya miyala yoterera, ya migula yokumbidwa ndi mvula, ya timilatho topapatiza. Mwa marali onse a pa kalendala ya 2022, ya ku Zambia ndiyo idali yoyandikira kwambiri chigawo cha Tete, ndipo ku Lusaka, kuchimake kwa masewerawa m'dzikomo, anthu ambiri amalankhula Chinyanja.

Rali ndi mpikisano wotani

Rali imasiyana ndi mpikisano wa pabwalo ngati Formula 1, pomwe galimoto zonse zimanyamuka nthawi imodzi n'kumazungulira njira yomweyomweyo. Pa rali galimoto zimanyamuka imodziimodzi, motalikirana ndi mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi. Njira yonse imagawidwa m'ndime. Ndime ndi chidutswa cha msewu chomwe chatsekedwa kuti pasadutse wina aliyense, ndipo m'menemo ndi momwe woyendetsa amaponda moto mmene angathere. Pamapeto amaphatikiza nthawi ya ndime zonse pamodzi ndi zilango. Amene watha nthawi yochepa ndiye wapambana. Anthu atha kuthamanga masiku awiri kapena atatu n'kudzasiyana ndi masekondi ochepa chabe.

Pakati pa ndime ndi ndime inzake, galimoto imayenda mumsewu wa aliyense, pamodzi ndi maminibasi, njinga ndi ngolo, ndipo imatsata malamulo a pamsewu ngati galimoto ina iliyonse. N'chifukwa chake galimoto ya rali imakhala ndi nambala, nyali ndi mapepala ake onse. Panjira pamakhala malo osainitsa khadi la nthawi, ndipo aliyense amapatsidwa mphindi yake yofikira. Wochedwa amalangidwa masekondi 10 pa mphindi iliyonse yomwe wachedwa. Wofulumira kusainitsa amalangidwa koposa: mphindi yathunthu pa mphindi iliyonse. Alipo oyendetsa amene adataya rali ali chiimire, chifukwa choti mnzawo wa pambali adalakwitsa kuwonkhetsa.

Amakaniko saloledwa kukhudza galimoto paliponse. Ali ndi malo awo okonzera, ndi nthawi yawo yowerengeka, ndipo ntchito yomwe pagaraja wamba ingatenge tsiku lonse, monga kusintha giyabokosi, iwo amaigwira m'mphindi zochepa. Galimoto ikawonongekera kutchire, oikonza ndi anthu awiri omwe ali m'katimo, ndi zida zomwe anyamula. Tayala likaphulika pakati pa ndime, wotchi siima. Amasankha okha: kuima n'kusintha, kapena kukwawa nalo mpaka kumapeto, podziwa kuti limu ikhoza kuphwanyika n'kuwononganso zina.

Munthu wa pampando wachiwiri

Owonerera ambiri amangodziwa dzina la woyendetsa, koma rali ndi ya anthu awiri. Wachiwiriyo amatchedwa navigeta, pa Chipwitikizi navegador. Tsiku limodzi kapena awiri rali isadayambe, awiriwa amaloledwa kudutsa m'ndime zonse pa galimoto wamba, pa liwiro lochepa, kawirikawiri maulendo awiri basi. Woyendetsa amatchula zomwe akuona, navigeta n'kumalemba m'kope mwachidule: kona yakumanja yakuthwa chakuti, mamita 80 owongoka, kamtunda kobisa njira, dzenje kumanzere, mwala m'kati mwa kona, osadula. Ambiri amapatsa makona manambala, kuchokera pa yakuthwa kwambiri kufika pa yomwe galimoto ingadutse osachotsa phazi pa moto.

Tsiku la mpikisano navigeta amawerenga zimenezi kudzera m'zolankhulira za m'chipewa, mutu uli m'kope, galimoto ikudumpha ndi kugwedezeka. Akafulumira kuwerenga, woyendetsa amaiwala. Akachedwa ndi sekondi imodzi, kona yawapeza kale. Woyendetsa akamakwera kamtunda pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola osaona chomwe chili kuseri, ndiye kuti wakhulupirira mawu a mnzake kuposa maso ake. Navigeta yemweyo ndiye amasunga khadi la nthawi, kuwerengera mafuta, kudziwa malamulo ndi kukweza chikwangwani cha OK kapena SOS ngozi ikachitika. Pa nyengo ya 2022 ntchito yonseyi m'galimoto ya Gomes idali m'manja mwa Urshlla, ndipo nayenso adatenga ukatswiri wa Africa wa anavigeta. M'galimoto ya Patel munkakhala Tauseef Khan.

Galimoto zake

Gomes ndi Patel onse ankayendetsa Ford Fiesta ya gulu la R5, lomwe masiku ano limatchedwa Rally2. Kunja imaoneka ngati kagalimoto kakang'ono ka m'tauni, koma m'kati ndi chinthu china. Injini yake ndi ya malita 1.6 yokhala ndi turbo, mphamvu zake zimafika cha m'ma 280 kapena 290 pa muyeso wa akavalo, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo ili ndi magiya asanu osinthidwa pongokoka kapena kukankha ndodo. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira masewero a galimoto pa dziko lonse, amati isapepuke kuposa makilogalamu 1,230, ndipo pakhomo pa turbo pamaikidwa mphete ya mamilimita 32 yochepetsa mpweya wolowa kuti mphamvu zisapyole malire. Fiesta R5 idapangidwa ndi kampani ya M-Sport ku England ndipo idatuluka mu 2013. Pamene gulu la R5 linkayamba, FIA idaika malire a mtengo wa galimoto yatsopano pa mayuro 180,000. Ndalama imeneyi ndi ya galimoto yokha, matayala, zipangizo ndi amakaniko zisadawerengedwe.

M'kati mipando yakumbuyo ndi zokongoletsa zonse zimachotsedwa. M'malo mwake mumawotcheredwa chikwere cha mapaipi achitsulo chomwe chimateteza anthu galimoto ikagubuduka. Awiriwo amamangidwa ndi malamba a nsonga zisanu ndi imodzi, amavala zipewa zolimba, chogwiriziza khosi ndi zovala zosagwira moto msanga, ndipo mumakhala zozimitsira moto. Pansi pa injini pamakhala chimbale cholimba chotchinga miyala. Pa misewu ya mu Africa, chimene chimasiyanitsa kwambiri galimoto yabwino ndi yamba ndi mashokabu, chifukwa ndi amene amalandira nkhonya zonse za msewu.

Si onse amakwanitsa R5. M'mipikisano ya m'mayiko, kuphatikizapo wa Zambia, galimoto zomwe zakhala zikudzaza mndandanda kwa zaka zambiri ndi Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution. Ndi zolemerako komanso zachikale, koma zipangizo zake zimapezeka ndipo amakaniko amazidziwa bwino.

Mapointi ndi maulendo

Pa rali iliyonse ya ukatswiri wa Africa, woyamba ankapeza mapointi 30, wachiwiri 24, wachitatu 21, n'kumatsika choncho. Amene galimoto yamufera panjira osamaliza, kapena amene sadabwere n'komwe, amabwerera chimanjamanja. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri ndi mapointi 6 okha, pamene kusiyana kwa woyamba ndi amene sadamalize ndi 30. Mwachitsanzo, munthu wokhala wachiwiri pa marali asanu amakhala ndi mapointi 120, pamene wopambana atatu n'kuphonya awiri amakhala ndi 90. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya 2022. Rali imodzi yotayika imafuna zipambano zisanu kuti munthu abweze ngongole kwa mnzake amene amangomutsata pambuyo ali wachiwiri.

Mapointi a Africa amapita kwa okhawo omwe adalembetsa mu mpikisanowo. Pa rali yomweyo pamakhalanso oyendetsa a m'dzikomo omwe akulimbirana chikho cha kwawo, ndipo ena mwa iwo amadziwa msewu uliwonse ngati njira ya kumunda kwawo.

Vuto lina lalikulu la nyengo ya Africa ndi mtunda. Galimoto ya rali siyenda yokha kupita ku dziko lina. Imanyamulidwa pa lole pamodzi ndi matayala, zipangizo ndi zida, ndipo ulendo wa kumadzulo kwa Africa umafuna sitima yapamadzi kapena ndege. Pamalire aliwonse pali mapepala a kasitomu. Ndi chifukwa chake oyendetsa ambiri aluso a ku Kenya, Uganda ndi Zambia amangosankha marali oyandikira, ndipo amene amazungulira nyengo yonse amakhala owerengeka. Pa rali ya ku Africa, thumba limapikisana nawo, ndipo palibe wa masewerawa amene amabisa zimenezi.

Mmene nyengo idayendera

Rali yoyamba idali Rallye Bandama ya ku Côte d'Ivoire, yomwe imachitikira m'dera la Yamoussoukro. Ndi rali yakale yodziwika ndi kutentha ndi kuphwanya galimoto. Mu 1972 palibe galimoto ngakhale imodzi yomwe idaimaliza. Banja la Gomes lidapita kumeneko n'kupambana. Patel sadapeze mapointi pa rali imeneyi, choncho nyengo idayamba iye ali kale m'mbuyo ndi mapointi 30.

Mu Epulo mpikisano udasamukira ku Kenya. Kale rali ya Kenya pa kalendala ya Africa inkakhala Safari, yomwe idayamba mu 1953, koma Safari itabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021, malo ake adatengedwa ndi Equator Rally. Kwawo kumeneko Patel adapambana. Mu Meyi, pa Pearl of Africa Uganda Rally, chipambano chidatsala pakhomo: adachitenga ndi Jas Mangat wa ku Uganda komweko, pa Mitsubishi Lancer Evolution, umboni woti galimoto yachikale m'manja mwa mwini dera ikhoza kugonjetsa R5. Patel adapambananso ku Tanzania mu Julayi, komanso pa Rwanda Mountain Gorilla Rally mu Sepitembala.

Kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, liwiro lidali kwa Patel, ndipo zimenezi n'zosatsutsika. Koma Gomes sankasowa pa mzere womalizira. Rali iliyonse ankaimaliza ali m'gulu la patsogolo, n'kumatola mapointi omwe ankachititsa kuti chipambano chilichonse cha Patel chingochepetsa mpata pang'ono. Kuyendetsa kotere sikukometsa zithunzi za pa Facebook, ndipo kumafuna mtima wodekha: kuona kuti mnzako wathawa ndi masekondi 20 koma osamuthamangira pa msewu wa miyala pomwe tayala limodzi lingawonongetse chaka chonse.

Nyengo idathera pa Zambia International Rally mu Okutobala, mwezi womwe ku Lusaka kumatentha ndi kuuma ngati mmene kumachitira m'chigawo cha Tete mvula isadagwe. Nthawi imeneyi fumbi limakhala mdani wamkulu. Galimoto yoyamba kulowa m'ndime imaona bwino koma imasesera anzake timiyala ta pamwamba. Zotsatira zimapeza msewu wogwira koma nthawi zina zimalowa mu mtambo wa fumbi womwe sudakhazikike, makamaka kukakhala kopanda mphepo. Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mofanana ndi Ulongwe, ndipo pamalo otere mpweya umapepuka, injini n'kumataya mphamvu pang'ono. Mapointi onse atawonkhetsedwa, Leroy ndi Urshlla Gomes ndiwo adali pamwamba, Patel ndi Khan pambuyo pawo.

Dzina la Zambia pa rali

Chikho cha Gomes chidali cha nambala 13 kupita ku Zambia chiyambire mpikisanowu mu 1981, pomwe katswiri woyamba adali Shekhar Mehta wa ku Kenya. Zisanu ndi zitatu mwa zikho zimenezi ndi za munthu mmodzi, Satwant Singh, yemwe adapambana mu 1988, 1989, 1991, 1993, 1996, 1997, 1998 ndi 2000. Palibe wina amene adafikapo pa chiwerengero chimenechi. Muna Singh adatenga chikho mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, ndipo mu 2013 chidapita kwa Jassy Singh, mwana wa Muna, ali mnyamata wamng'ono. David Sihoka adawerengera njira bambo ndi mwana yemwe, zomwe zimamuika pakati pa anavigeta odziwika kwambiri kuno kumwera kwa Africa.

Zimbabwe nayo idali ndi nthawi yake: Conrad Rautenbach adapambana mu 2007 ndi 2011, James Whyte mu 2009 ndi 2010. Kuchokera mu 2015 chikho chidakhazikika ku Kenya, kudzera mwa Jaspreet Chatthe, Don Smith, Manvir Baryan, yemwe adachitenga zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2017, ndi Carl Tundo mu 2021. Mu 2020 mpikisano sudachitike chifukwa cha Covid-19. Choncho Gomes ndiye adadula mzere wa Akenya, patatha zaka zisanu ndi zinayi Zambia isadalawe chikho.

Akatswiri onsewa adakulira mu mpikisano wa m'dziko mwawo. Ku Zambia masewerawa amayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Motor Sport Association, ndipo makalabu a m'madera ndi amene amakonza marali a chaka: kuzungulira Lusaka, kumwera cha ku Monze ndi Mazabuka, ndi ku Copperbelt. Ndime zambiri zimadutsa m'misewu ya m'mafamu akuluakulu, chifukwa ndi yosavuta kutseka kusiyana ndi misewu ya m'midzi. Masewerawa akhala akuyenda m'mabanja, mwana kutengera bambo, poti pakhomo pomwe pali kale galimoto, garaja ndi amakaniko, woyamba kumene sayambira pansi penipeni.

Owonerera ndi anthu a m'mbali mwa msewu

Mbiri ya rali ili ndi mabala. Mu Malichi 1986, pa rali ya ku Portugal kufupi ndi Sintra, galimoto ya Ford RS200 yoyendetsedwa ndi Joaquim Santos idalowa m'khamu la anthu omwe adaima m'mphepete penipeni mwa msewu. Anthu atatu adafera pomwepo ndipo oposa 30 adavulala. Patangotha miyezi iwiri, Henri Toivonen ndi navigeta wake Sergio Cresto adapsera m'galimoto ku Corsica. Kutha kwa chaka chimenecho galimoto zamphamvu kwambiri za gulu B zidaletsedwa, ndipo malamulo okhudza owonerera adayamba kukhwima.

Mu Africa vutoli lili ndi nkhope ina, chifukwa msewu womwe watsekedwa ndi womwewo anthu amadzera popita kuchigayo, kumsika ndi kodyetsa ng'ombe. Okonza rali amayenera kukambirana ndi mafumu ndi eni minda nthawi ikadalipo, kulengeza pa wailesi, ndi kuika alonda pamphambano iliyonse. Ndime isadatsegulidwe pamadutsa galimoto zochenjeza zolembedwa 000, 00 ndi 0, zina zikuliza mabelu, ndipo woyang'anira ali ndi mphamvu yoimitsa ndime ngati anthu aima poipa. Malo oopsa kwambiri ndi kunja kwa kona, komwe galimoto yolephera kukhota imathera, ndi kutsogolo kwa kamtunda komwe imatera ikadumpha. Phokoso likatha sindiye kuti galimoto zatha. Ina ikhoza kukhala itachedwa ndi tayala n'kutulukira mwadzidzidzi. Msewu umatsegulidwa pokhapokha itadutsa galimoto yotsekera, yomwe imabwera pambuyo pa onse.

Mozambique ndi njira yochokera ku Ulongwe

Mozambique ndi Malawi sadali pa kalendala ya 2022. M'dziko muno masewero a galimoto amayang'aniridwa ndi Automóvel e Touring Clube de Moçambique, ATCM mwachidule, lomwe ndi membala wa FIA ndipo lili ndi bwalo lake ku Maputo, komwe kumachitika mipikisano ya tigalimoto ta kart ndi ya kutsetsereketsa galimoto. M'nthawi ya atsamunda, cha m'ma 1960, rali yayikulu ya ku South Africa inkanyamuka ku Pretoria n'kudzathera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Koma kuchokera ku mzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, kotero kwa munthu wa ku Angónia, Lusaka ndiye pafupi.

Wofuna kukaonera rali ya Zambia kuchokera ku Ulongwe atha kutulukira pa chipata cha Calómuè kulowa Dedza, kudzera ku Lilongwe ndi Mchinji mpaka ku Chipata, kenako kutsata msewu waukulu wa kummawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Lusaka. Njira ina ndi ya ku Cassacatiza, yomwe imakatulukira ku Katete. Masiku ndi malo a ndime amasintha chaka ndi chaka, ndipo okonza amawalengeza rali ikayandikira.

Karan Patel sadakhalitse pa nambala yachiwiri. Iye ndi Tauseef Khan adatenga ukatswiri wa Africa mu 2023, n'kuuteteza mu 2024.